Timakalata ta M'magazi a Sipoko

MUTU 6

1. Bokosi nambala 14

Dzina lakuti Sipoko anamupatsa ndi amalume ake, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu wopita kusukulu. Ali ndi zaka zinayi, timiyendo take tinali towonda ngati masipoko a njinga, ndipo akayamba kuthawa madzi osamba palibe ankamugwira. Dzinalo linamukakamira. Pofika fomu 3, ngakhale aphunzitsi a masamu anali ataiwala dzina lake lenileni.

Sipoko ankathamanga mtunda wa mamita 1,500. Pasukulu yonse panalibe mtsikana womuposa. Kunali kutatsala masabata asanu kuti kuchitike mpikisano waukulu wa masukulu onse a m'chigawo, ndipo akochi, omwe ankawaphunzitsa kuthamanga, anali atalemba kale dzina lake pamwamba pa ndandanda. Mtima wake wonse unali pa mpikisano umenewo.

Teremu imeneyo kusukulu kunabwera mlendo. Anali adokotala aakazi ochokera kukoleji, ofufuza mmene thupi la munthu limagwirira ntchito. Anapempha othamanga makumi awiri kuti awathandize pa kafukufuku wawo, ndipo makolo anasayina mapepala ovomereza.

Malamulo ake anali osavuta. Kwa masiku khumi, aliyense azilandira m'mawa bokosi la chakudya cha tsiku lonse, choyezedwa pasikelo molingana ndi thupi lake komanso mtunda umene amathamanga. Chikatsala asataye, asapatse munthu, asatsuke mbale. Abweze mmene chilili kuti achiyezenso. Tsiku loyamba ndi lomaliza, anesi adzatenga magazi pang'ono pamkono, asanathamange ndiponso atathamanga.

"Maina anu sindikuwafuna pa mabokosi," anatero adokotala. "Aliyense akhala ndi nambala. Ndandanda ya maina ndaitsekera m'kabati, ndipo kiyi wake ali ndi ine ndekha."

Sipoko anapatsidwa nambala 14. M'bokosi mwake munali mpunga, nyemba, masamba, mazira awiri owiritsa, nthochi, mtedza, buledi ndi botolo la mkaka. Anyamata anawomba m'manja. Wina anakuwa kuti, "Adokotala, kafukufuku ameneyu asathe mpaka timalize sukulu!"

Onse anaseka kupatula Sipoko. Mwezi wapitawo, pa kampikisano kena, anali atapitiriridwa ndi kamtsikana kakang'ono ka sukulu ina. Akupuma wefuwefu, munthu wina woonerera anamuuza kuti, "Mnzakoyo ndi wopepuka. Iwe wayamba kulemera m'chiunomu." Munthuyo ananena n'kumapita, mwina anakaiwala asanafike n'kunyumba komwe. Koma Sipoko sanaiwale. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuchepetsa chakudya. Kunyumba zinali zosavuta, chifukwa amayi ake ankalawirira ku fakitale yosoka zovala n'kubwerako madzulo atatopa. Ankangowauza kuti wadya kale.

2. Masaya a amalume

Lamulo lobweza chotsala ndilo linamuvuta. Akabweza bokosi lodzaza theka, adokotala afunsa. Akafunsa adokotala, amva akochi. Choncho tsiku loyamba lomwelo, poweruka, anaima pansi pa mtengo paja.

"Malume, kusukulu akutipatsa chakudya chambiri. Ena akungotaya. Ine ndati bola ndikupatseni inuyo."

Amalume anapukuta manja pa kansanza ka girisi, n'kutsegula bokosilo. Anayang'ana mazira aja, n'kuyang'ana kumwamba.

"Sukulu ya masiku ano!" anatero. "Ife tinkalandira zikwapu, inu mukulandira mazira. Khala pansi tidye."

"Ndadya kale, malume."

Zinayenda choncho masiku onse khumi. Sipoko ankadya nthochi m'mawa ndi mpunga pang'ono masana. Zotsala zonse zinkathera pansi pa mtengo. Bokosi linkabwerera lopanda kanthu, mafuta ali mbuu m'mbali, ndipo woyeza ankalemba kuti: Nambala 14, wamaliza zonse.

Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, masaya a amalume anayamba kunyezimira. Mayi wogulitsa tomato chapafupi anawafunsa kuti, "Akonzanjinga, mwapeza banja kodi osatiuza?" Amalume anangosisita mimba, n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo ndi mwana woleredwa bwino.

Kwa Sipoko zinthu sizinkanyezimira. Ankamva kuzizira ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Akaimirira mofulumira m'kalasi, bolodi linkada. Pozungulira bwalo komaliza, miyendo yake inkalemera ngati bulangete lonyowa. Tsiku lina akochi anayang'ana wotchi yawo kawiri.

"Wachedwa ndi masekondi anayi. Chavuta n'chiyani?"

"Palibe, akochi."

Iye anaganiza kuti akadali wolemera. Mawa lake anasiyanso nthochi ija.

3. Chipinda chofuka utsi wozizira

Patapita masiku ena khumi, adokotala anaitana othamanga onse kuti Lachisanu masana akaone kumene magazi awo anapita. Sipoko anakondwa, chifukwa kumeneko n'kumene achemwali ake ankagwira ntchito. Anali atayamba miyezi iwiri yapitayo ndipo anali akadali pa nthawi yoyesedwa. Ankagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi ntchito, n'kumabwera kunyumba Lamlungu lokha. M'banja monse, iwo ndiwo anali oyamba kuvala chovala choyera cha m'labotale. Amayi anapachika chithunzi chawo pabalaza, pamalo poti mlendo aliyense achione asanakhale pansi.

Atatsika m'basi, pakhomo la labotale anawaveka timatumba kunsapato ndi magolovesi m'manja. Phokoso lonse la m'basi linathera pomwepo.

Achemwali ndiwo anaonetsa makina oyamba. Anaika kabotolo ka magazi m'makina ooneka ngati poto wokhala ndi chivundikiro, n'kudina batani. Makinawo analira ngati njuchi. Atatsegula, magazi aja sanalinso amodzi. Pansi panali pofiira, pamwamba pali madzi achikasu oyera bwino ngati mafuta ophikira.

"Aa! Zimenezi zili mwa ine?" anafunsa mtsikana wina.

"Zili mwa iwe, mwa ine, ngakhale mwa ahedi," anayankha achemwali. "Chimene timafuna chili m'madzi achikasuwa."

Kenako adokotala anatsegula firiji yaitali kuposa chitseko. Utsi woyera unatuluka, koma m'malo mokwera unatsikira pansi n'kuwazinga kumapazi. Ana anabwerera m'mbuyo.

"Muno mumazizira madigiri makumi asanu ndi atatu pansi pa ziro," anatero adokotala. "Timasungamo makalata."

"Makalata?"

"Khalani pansi ndikuuzeni. Thupi lanu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Pa kadontho kamene mumaika kumapeto kwa chiganizo angakwanepo mazanamazana. Pafupifupi m'selo iliyonse muli buku lalikulu la malangizo, lonena mmene inuyo muyenera kupangidwira. Buku limenelo silituluka m'malo mwake. Selo ikafuna kupanga kanthu, kaya ndi kachidutswa ka mnofu, imakopera tsamba limodzi n'kulitumiza kwa amisiri ake.

"Tsopano mverani apa. Palinso timakalata tina tating'ono koposa, ta zilembo pafupifupi makumi awiri ndi ziwiri basi. Dzina lake ndi microRNA. Timeneti sitilamula kuti pangani. Timapita kukamatirira pa tsamba lija n'kunena kuti chepetsani, dikirani kaye. Ndi mabuleki a thupi. Anthu anapeza timakalatati koyamba m'kanyongolotsi kakang'ono kovuta kukaona ndi maso. Ankayesa kuti ndi zachibwana za kanyongolotsiko. Patapita zaka anazindikira kuti tili mwa ife tonse, ngakhale m'zomera."

Firiji yokha ndiyo inkang'ung'udza.

"Mukathamanga mtunda wautali," anapitiriza adokotala, "minofu ya m'miyendo yanu imasintha kuchuluka kwa timakalata take. Tina imatikulunga m'timatumba n'kutiponya m'magazi, magaziwo n'kutitenga ulendo wa thupi lonse. Tikuganiza kuti imeneyi ndi njira imodzi imene mnofu umalankhulira ndi ziwalo zina. Ndipo zikuoneka kuti zimene umalemba mnofu wokhuta zimasiyana ndi zimene umalemba mnofu wanjala. Musaganize kuti tazimvetsa zonse. Ine ndakhala zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito imeneyi, koma ndikadali ngati mwana amene akuphunzira a, e, i, o, u. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Sipoko anaika dzanja pa ntchafu yake. Zaka zonsezi ankayesa kuti mwendo ndi chinthu chongolamulidwa, ngati khasu. Lero anamva kuti mwendo umalemba, umatumiza, umadandaula, iye mwini osadziwa. Thupi lonse linamuchita tsemwe. Anachita mantha, komanso anasangalala, ndipo sanadziwe kuti chachikulu n'chiti.

4. Mzere wosochera

Adokotala anayatsa kompyuta yolumikizidwa ku chinsalu cha pakhoma. Panaoneka mizere yobiriwira yoyenda pamodzi ngati mbuzi zotsatana pa kanjira.

"Amenewa ndinu. Mzere uliwonse ndi munthu mmodzi."

Anadinanso, ndipo pansi pake panabwera mizere yofiira.

"Awa ndi akuluakulu amene anadzipereka chaka chatha. Kwa masiku asanu ankadya theka la chakudya chimene thupi lawo limafuna, uku akupalasa njinga za m'chipinda, madokotala akuwayang'anira. Iwowo tinawatenganso kachidutswa ka mnofu wa pantchafu, kochepa ngati njere ya mpunga. Ana sitingawachite zimenezo, ndipo sitingawakhalitse ndi njala."

Mnyamata wa kutsogolo analoza. "Nanga wobiriwira uyo wathawa anzake?"

Zinali zoona. Mzere umodzi wobiriwira unali utasiya gulu lake n'kukayenda pakati pa ofiira.

Adokotala anavula magalasi. "Ameneyo wandisowetsa tulo. Ndi nambala 14."



"Pepala lake likusonyeza kuti anamaliza chakudya chonse masiku khumi. Timakalata tokha sitingaweruze munthu, chifukwa anthu timasiyana. Koma kusiyana kumeneku kwakula. Ndiye chimene ndikukayikira ndi ntchito yathu muno. Timabotolo ta akuluakulu aja tili pa shelefu imodzi ndi tanu. Mwina tinasokoneza polemba manambala."

Sanatchule munthu, ndipo sanayang'ane munthu. Koma achemwali anaweramitsa mutu.

Potuluka, Sipoko anapeza achemwali akewo pakhonde akuvula magolovesi. Maso awo anali ofiira.

"Ndine ndinalemba timabotolo tonse," anatero motsitsa mawu. "Ndabwereza kanayi m'buku langa, koma sindikuona pamene ndinalakwitsa. Lolemba m'mawa akhala pansi kuti aone ngati ndipitirize ntchito. Muno munthu wosokoneza timabotolo samusunga, mng'ono wanga. Amayi usawauze."

Anamuyang'ana bwinobwino, n'kumugwira dzanja. "Iwe, waondatu. Akukuthamangitsani kwambiri eti?"

"Eee," anatero Sipoko.

Basi inaliza hutala. Iye anapita kukakwera.

5. Gudumu la amalume

Loweruka m'mawa anapeza amalume atatembenuza njinga miyendo m'mwamba, akuwongola gudumu. Anakhala pa chitini cha penti n'kuwauza zonse, kuyambira mawu a munthu woonerera uja mpaka mzere wosochera.

Amalume anasiya sipanala. Kenako anagwira masaya awo onse awiri.

"Ndiye kuti masaya awa ndi ako?"

Sipoko anafuna kuseka, koma m'malo mwake misozi inatsika.

"Malume, ndikanena, adokotala auza akochi. Andichotsa pa ndandanda. Kwatsala masabata awiri okha."

"Ndamva. Tsopano nawe undimvere, ndipo usandidule. Choyamba, ine ndalakwa. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, mwana akundibweretsera mazira tsiku ndi tsiku, ine osafunsa kuti nanga iwe bwanji ukuuma. Mimba inanditseka maso. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndikauyankha kwa mlongo wanga.

"Chachiwiri, yang'ana gudumu ili. Mwini wake ndi mnyamata wonyamula katundu. Anauzidwa ndi anzake kuti njinga ikapepuka imathamanga. Ndiye anachotsa madigadi otchinga matope, anachotsa belu, anachotsa buleki yakutsogolo. Ataona kuti sizikukwana, anayamba kuchotsa masipoko, imodzi apa, imodzi apo. Sabata yoyamba inkathamangadi. Sabata yachiwiri gudumu linayamba kuvina. Dzana pa mtsetse paja linapindika ngati nambala eyiti, iye n'kusiya mano awiri pamsewu. Sipoko ndi kachitsulo kochepa, mwanawe, koma iliyonse ili ndi katundu wake amene imasenza. Iwe ukuchotsa masipoko m'thupi mwako. Njinga ndimaigulira ena kusitolo. Ako ndikawagula kuti?

"Chachitatu ndi mkulu wako. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Mwana uja ndinamuona ine akuwerenga pansi pa mtengo uno, ine ndikumata machubu, iye akuloweza mayina a mafupa. Chovala choyeracho sanachitole panjira. Lolemba akamuvula chifukwa cha mlandu umene sanapalamule, iwe udzathamanga mpikisano wako, mwinanso udzapambana. Adzakuveka mendulo pakhosi. Koma Lamlungu lililonse uzidzakhala naye patebulo limodzi, chithunzi chija chili pakhoma. Undiuze ngati mendulo imeneyo idzakhale yopepuka.

"Mipikisano imabwera chaka ndi chaka ngati mvula. Dzina la munthu pa ntchito likada, kuliyeretsa n'kovuta. Ine sindikukakamiza. Sindikanena m'malo mwako, chifukwa pakamwa ndi pako. Koma ukaganiza zopita, njinga iyi ikhala itatha, ndipo ndikunyamula ndine."

Anatenganso sipanala n'kupitiriza ntchito. Sipoko anakhala pomwepo, akuyang'ana gudumu likuzungulira. Linkavina pang'ono, amalume n'kumanga sipoko imodzi, n'kulizunguzanso. Atachita zimenezo kangapo, gudumu linayenda mowongoka osakhudza mbali.

"Lolemba mudzabwere sikisi koloko, malume," anatero.

6. Umboni wa masaya

Anafika ku labotale adokotala akutsegula kumene ofesi yawo. Achemwali anali atakhala pa benchi, buku lawo la manambala lili pamiyendo. Ataona mng'ono wawo ndi amalume, anaimirira mwamantha.

"Kunyumba n'kwabwino?"

"N'kwabwino," anatero Sipoko. Anatembenukira kwa adokotala. "Nambala 14 ndine. Achemwali sanasokoneze kanthu. Chakudya chija sindinkadya."

"Chinkapita kuti?"

Amalume anavula chipewa, n'kuloza masaya awo. "Umboni ndi uwu, adokotala. Mukafuna kuuyeza pasikelo, ndabwera nawo."

Adokotala sanaseke. Anatsegula kabati, anatulutsa ndandanda ya maina, n'kuyendetsa chala mpaka pa nambala 14. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Kenako anayang'ana achemwali.

"Ndinakukayikira popanda chifukwa. Ndinakhulupirira bokosi lopanda kanthu kuposa dzanja lako. Undikhululukire. Pita ukavale chovala chako, ntchito ikukudikira."

Achemwali sanasunthe. Anayang'ana Sipoko. "Iwe! Lachisanu ndinakugwira dzanja pakhonde apa, ndikulira, iwe n'kungoti eee?" Anamumenya kambama kopepuka paphewa, kenako anamukumbatira mwamphamvu. "Mafupa okhaokha," anatero akulira. "Mwana wopusa iwe, mafupa okhaokha."

Adokotala anapempha amalume kuti adikire panja. Anatseka chitseko n'kukhala moyang'anizana ndi Sipoko.

"Kodi kumwezi ukupita monga mwa masiku onse?"

Sipoko anayang'ana pansi. "Mwezi uno sindinapite."

"Umamva kuzizira? Chizungulire?"

"Eee."

"Mwana wanga, ndikuuza monga dokotala komanso monga mayi. Thupi lili ngati nyumba ya anthu ambiri. Chakudya chikachepa koma ntchito osachepa, thupi limayamba kutseka zipinda zina kuti lipulumutse mtima ndi ubongo. Limachepetsa kutentha, n'chifukwa chake ukuzizidwa. Limaimitsa kumwezi. Limasiya kukonza minofu imene wang'amba pothamanga. Choopsa kwambiri, limasiya kumanga mafupa, pamene msinkhu wakowu ndi umene munthu amamanga mafupa oti adzayendere moyo wake wonse. Ndaonapo atsikana aluso kuposa iwe akuthyoka fupa la mwendo popanda kugwa, akungothamanga pabwalo losalala. Ena sanabwererenso.

"Amene anakuuza kuti wopepuka ndiye wothamanga anakuuza kachidutswa ka nkhani, ndipo kachidutswa ka nkhani kamapweteka kuposa bodza lenileni. Wothamanga ndi amene mnofu wake wadya, wagwira ntchito, wapuma, n'kudzimanganso wolimba kuposa dzulo. Masekondi anayi amene unataya sanapite chifukwa cholemera. Anapita ndi njala.

"Usachite manyazi. Vutoli limagwira ana ambiri akhama, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo limachizika likadziwika msanga. Koma sindingakubisire. Ndilemba makalata awiri, ina kwa amayi ako, ina kwa akochi. Usiye kaye kuthamanga mpaka akuchipatala akupime. Za mpikisano adzanena ndi iwowo, osati ine kapena iwe."

Sipoko anagwedeza mutu. Chimene ankachiopa chija chinali chitafika, ndipo chinamupweteka monga ankayembekezera.

Adokotala akulemba, iye anayang'ana chinsalu cha pakhoma. "Adokotala, ndingauonenso mzere wanga?"

Anamuyatsira. Mzere wobiriwira uja unali pomwepo, wokhawokha pakati pa ofiira.

"Ndiye kuti miyendo yanga inkanena nthawi yonseyi?"

"Inkanena. Ife ndi amene sitinadziwe kumvera. Ngakhale ine ndinaona kalata yake n'kunena kuti yasochera adiresi."

"Ndikayamba kudya, mzerewu ubwerera kwa anzake?"

Adokotala anasiya cholembera n'kumuyang'ana. "Funso limenelo ndi limene ndimadzukira m'mawa uliwonse. Sindikudziwa bwinobwino. Amayi ako akalola, ndipo iwe ukafuna, tidzaonera limodzi."

7. Katundu wa amayi

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, Sipoko anakhala patebulo la pabalaza, pansi pa chithunzi cha achemwali. Amalume anali atatseka msanga ntchito n'kugula mazira anayi, ati akubweza pang'onopang'ono. Anaphika okha, ndipo anaika mbale patsogolo pake.

"Lero ine ndadya kale," anatero, akupinda manja. "Ndipo ine ndikunena zoona."

Kudya kunali kovuta kuposa kuzungulira bwalo kanayi. Dzanja linkakana, khosi linkakana. Koma Sipoko anaganiza za timakalata tija tikuyenda m'magazi mwake nthawi yomweyo, kuchokera kuntchafu kupita kumene sakudziwa. Anatafuna, n'kumeza. Anatenganso china.

Kalata ya akochi anali ataipereka kale masana. Iwo anaiwerenga ali chiimire, anaipinda, n'kungonena kuti, "Tikambirana ndi amayi ako." Kalata ya amayi inali m'thumba la siketi yake ya sukulu.

Geti linalira. Amayi analowa mofulumira kuposa masiku onse, nkhope ili ngwee, atapanira katoni kukhwapa. Sanadabwe n'komwe kuona mchimwene wawo pakhomo nthawi imeneyo.

"Achimwene, mwachita bwino kubwera, muone nawo! Iwe Sipoko, pukuta m'manja. Miyezi itatu ndakhala ndikutsalira kuntchito anzanga akaweruka, iwe n'kumayesa kuti basi ikuchedwa."

Anaika katoniyo patebulo, pafupi ndi mbale, n'kutsegula. M'katimo munali nsapato zothamangira zatsopano, zoyera, zokhala ndi mizere yobiriwira m'mbali. Fungo lake linadzaza pabalaza ponse.

"Mwana wanga sakathamanga mpikisano waukulu ndi nsapato zong'ambika. Tayesa tione! Bwanji ukungondiyang'ana?"

Amalume anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Sipoko anakhudza nsapato imodzi ndi chala. Inali yofewa, yopepuka, ya saizi yake yeniyeni. Anabweza dzanja lake n'kulilowetsa m'thumba la siketi.

"Amayi," anatero, akutulutsa kalata ija, "khalani pansi kaye."